Ng'ombe Ziwiri pa Goli Limodzi: Mbiri Yokonzanso Makompyuta Akale a Magemu Kum'mawa kwa Zambia

Ntchito yotenga kompyuta yakale n'kuiwonjezera mphamvu kuti izitha magemu inatheka chifukwa cha zimene kampani ya IBM inachita mu Ogasiti 1981. Potulutsa makina ake otchedwa IBM PC, kampaniyo sinamatirire zonse pamodzi. Inasiya mipata isanu pa bolodi lalikulu la m'kati, ndipo inasindikiza buku lofotokoza mmene mipatayo imagwirira ntchito, moti mmisiri aliyense wodziwa akanatha kupanga khadi lake n'kulilowetsa pamenepo. Ngakhale zooneka pa sikirini zinkachokera ku khadi lapadera. Panali la MDA, lotulutsa malemba okha, ndi la CGA, lotulutsa mitundu yochepa. Pulosesa inali Intel 8088. Kuyambira nthawi imeneyo kompyuta ya pathebulo inakhala ngati njinga ya kapalasa: chimene chatha kapena chachepa mphamvu chimachotsedwa, china n'kuikidwa, felemu ili yomweyo.

Kwa zaka pafupifupi 15 nkhani yolinganiza khadi ndi pulosesa kunalibe. Khadi la zithunzi linali wantchito wamba wotengera ku sikirini zimene pulosesa yamaliza kale. Ngakhale VGA itabwera mu 1987, ntchito yonse yowerengera makoma, kuwala ndi mayendedwe a adani mu gemu inali ya pulosesa. Doom ya 1993 inkathamanga kapena kukwawa malinga ndi pulosesa imene munthu anali nayo, ndipo Quake ya 1996 inachititsa anthu ambiri kutaya 486 n'kugula Pentium. Wofuna kuti gemu iyende bwino ankadziwa kumene ndalama yake iyenera kupita, popanda kufunsa munthu.

Zinthu zinasintha mu 1996 pamene kampani ya 3dfx ya ku California inatulutsa khadi la Voodoo. Khadili linali lachilendo. Silinkatha kuonetsa malemba wamba a Windows, choncho linkaikidwa pambali pa khadi lakale, awiriwo n'kulumikizidwa ndi kachingwe kakafupi kunja kwa bokosi. Ntchito yake inali imodzi yokha, kupaka zithunzi zokhala ndi kuya, ndipo ntchitoyo linkaichita mofulumira kuposa pulosesa iliyonse ya nthawiyo. Mu 1997 Intel inabweretsa mpata wa AGP wa makhadi a zithunzi okha. Mu 1999 Nvidia inatulutsa GeForce 256, n'kuitcha GPU, ndipo khadili linalanda pulosesa ntchito inanso, yowerengera kapendekeke ka zinthu ndi mmene kuwala kukuzigwera. Kumapeto kwa 2000 Nvidia inagula katundu wa 3dfx, mu 2004 mpata wa PCI Express unayamba kulowa m'malo mwa AGP, ndipo mu 2006 AMD, yopanga mapulosesa, inagula ATI, yopanga makhadi a zithunzi. Mabokosi a magemu anakhala ndi antchito awiri, aliyense ndi gawo lake.

Mlimi wa ku Petauke kapena ku Nyimba amene anamangapo ng'ombe pa ngolo safuna kuuzidwa zambiri za vuto limene linabadwa pamenepo. Nkhunzi yonenepa ikamangidwa goli limodzi ndi kang'ombe kowonda, ngolo imayenda pa liwiro la kowondako, ndipo mphamvu za yonenepayo zimangothera m'kupotoza goli. Mu gemu, chithunzi chilichonse chimayambira kwa pulosesa. Iyo imawerengera pamene mpira wafika, kumene galimoto ikulowera, zimene wosewera wadina, kenako imapereka malangizo kwa khadi kuti lijambule. Kuti maso aone kuyenda kosalala kwa zithunzi 60 pa sekondi, aliyense mwa awiriwa ayenera kumaliza gawo lake m'zigawo zosakwana 17 mwa zigawo 1,000 za sekondi. Ngati pulosesa imatenga zigawo 25, zithunzi sizingapitirire 40 pa sekondi, ngakhale khadi litakhala lodula kuposa ng'ombe. Amisiri amatchula vutoli ndi liwu la Chingerezi lakuti bottleneck, koma ambiri amangoti pulosesa ikukokera khadi m'mbuyo.

Chovuta n'chakuti ng'ombe yofooka siikhala yomweyo nthawi zonse. Sikirini ya 1280 ndi 720 ili ndi timadontho 921,600, pamene ya 1920 ndi 1080 ili ndi timadontho 2,073,600. Kuchoka pa yoyambayo kupita pa yachiwiri kumachulukitsa ntchito ya khadi kuposa kawiri, koma ya pulosesa imasintha pang'ono chabe, chifukwa osewera mpira m'bwalo akadali 22 omwewo. Gemu ya mumzinda wodzaza anthu ndi magalimoto imalemetsa pulosesa, pamene ya nkhalango, utsi ndi madzi onyezimira imalemetsa khadi. Choncho palibe khadi limene lingatchedwe lolingana ndi pulosesa inayake popanda kutchula gemu ndi sikirini. Matebulo a pa intaneti amene amapereka nambala imodzi yokha ya kusalingana amabisa mfundo imeneyi, ndipo asocheretsa ogula ambiri.

Ku Zambia mbiriyi inafika mochedwa, ndipo inalowera khomo lakuseri. Dzikoli linalumikizidwa ku intaneti mu Novembala 1994 kudzera ku Zamnet, imene inayambira pa University of Zambia, ndipo linali limodzi mwa mayiko oyambirira kutero kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Koma kompyuta yatsopano inali ya banki, ya unduna ndi ya mabungwe akunja. Chimene chinaifikitsa kwa anthu wamba ndi kumasulidwa kwa malonda boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991. Njira yomweyo imene inadzaza misika ndi zovala za salaula, zimene ku Malawi amati kaunjika, inabweretsanso mafiriji, mawailesi a kanema, kenako makompyuta otsika m'maofesi a ku Ulaya ndi ku South Africa. Mabungwe othandiza, monga Computer Aid International imene inayamba ku London, ankatumizanso makina okonzedwa kusukulu. Malo ogwiritsira intaneti molipira anachuluka ku Lusaka, ndipo anyamata oyang'anira malowo ndi amene anayamba kutsegula mabokosi, kusintha RAM ndi kuikamo magemu oti azisewera makasitomala akapita.

Kum'mawa zonsezi zinabwera ndi basi. Msewu wa Great East umachoka ku Lusaka, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kudutsa Nyimba, kulambalala boma la Petauke pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, n'kupitirira ku Katete ndi Chipata mpaka m'malire a Malawi ku Mwami. Sasare ili kumpoto kwa Petauke, kutali ndi phula. Munthu wa kumeneko wofuna kachipangizo ka kompyuta amayamba wafika paboma, ndipo chikasowa pamenepo amatuma ku Chipata kapena ku Lusaka. Mtunda umenewu ndi umene unaumba khalidwe la amisiri a m'chigawochi. Ku London munthu akagula khadi losalowa m'bokosi lake amalibweza mawa lake. Kuno khadi lolakwika ndi ndalama yotayika, choncho mmisiri amayeza kawiri, kufunsa katatu, asanatumize ndalama pa foni. Ambiri mwa iwo sanayambire pa kompyuta. Anayambira pa mawailesi, pa madeki a m'nyumba zoonetsera mavidiyo, pa mafoni, ndi pa tizipinda tokopera nyimbo m'timakhadi ta memore. Magemu enieniwo ambiri anawadziwira pa PlayStation 2 ya m'chaka cha 2000 ndi zotsatira zake, m'timashopu momwe anyamata amalipira pa mpira uliwonse wa FIFA kapena Pro Evolution Soccer.

Sukulu nazo zinakankha ngoloyi. Maphunziro okonzedwanso a 2013, amene anayamba kugwira ntchito mu 2014, anaika phunziro la kompyuta kukhala lokakamiza m'magiredi 8 ndi 9. Pa mayeso oyamba a 2015 makina anachepa kwambiri moti m'sukulu zina ana analemba mosinthana mpaka usiku. Chisokonezocho chinachititsa kuti sukulu, makolo ndi aphunzitsi ayambe kufunafuna makompyuta otsika mtengo, ndipo mabokosi akale a m'maofesi anafika m'maboma ang'onoang'ono ochuluka kuposa kale.

Mabokosiwo ankabwera ngati mafunde, ndipo mafundewo ankautsidwa kutali. Makampani a kunja amasintha makina awo pakapita zaka zitatu kapena zisanu, makamaka Microsoft ikasiya kusamalira Windows yakale, monga zinachitikira ndi Windows XP mu Epulo 2014 ndi Windows 7 mu Januwale 2020. Funde la Pentium 4 linabweretsa makina otentha ndi aphokoso, oyenera GTA San Andreas ndi magemu a msinkhu wake. La Core 2 Duo, pulosesa ya 2006, linali labwinopo. Koma limene linasintha ntchitoyi ndi la Sandy Bridge, mapulosesa amene Intel inatulutsa mu Januwale 2011. Core i5-2400 inali ndi mitima inayi yamphamvu, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira Intel inkangowonjezera pang'onopang'ono chifukwa inalibe wopikisana naye weniweni. Zotsatira zake, Dell OptiPlex kapena HP ya mlembi wa ku Birmingham, itatayidwa ngati yachikale, inali ikadali ndi pulosesa yokwanira magemu a tsikulo. Inkasowa khadi lokha.

Khadi loyenera linafika mu Febuluwale 2014. GeForce GTX 750 Ti inkadya mawati 60 okha, pamene mpata wa PCI Express umatha kupereka mpaka 75 popanda chingwe china. Zimenezi zinali zofunika kuposa liwiro lake, chifukwa kabokosi ka magetsi ka m'makina a muofesi, kamene amisiri amakatcha power supply, kamakhala ka mawati 240 kapena kupitirira pang'ono, ndipo kalibe chingwe chodyetsera khadi lalikulu. GTX 1050 Ti ya 2016 ndi GTX 1650 ya 2019 zinatsata njira yomweyo. OptiPlex ya i5 ndi limodzi la makhadi atatuwa zinakhala ngati ndiwo za nyemba ndi nsima: si chakudya cha paukwati, koma palibe amene anagona ndi njala. GTA V itafika pa kompyuta mu Epulo 2015, makina otere ankaitha bwinobwino.

Pa benchi ya mmisiri ntchitoyi imaoneka motere. Amatsegula chivundikiro, ndipo choyamba kutuluka ndi fumbi, loumbika ngati thonje pakati pa timapiko ta chitsulo choziziritsira pulosesa. Amalipemerera ndi pampu ya njinga kapena kulisesa ndi kaburashi, atagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Amamasula zomangira zinayi, kunyamula choziziritsiracho, n'kupeza phala lotuwa lija, thermal paste, litauma ngati dothi la m'Okutobala. Amalipukuta ndi kansalu konyowa ndi spiriti, n'kudontheza latsopano lochepa ngati njere ya mpunga. Kenako amayang'ana bokosi. Ngati ndi lopyapyala, khadi liyenera kukhala lalifupi m'mimba, lokhala ndi kachitsulo kake kakafupi kumbuyo. Alipo amene anadula bokosi ndi sowo kapena kulisiya lotsegula chifukwa chosayang'ana zimenezi. Pomaliza amawerenga kapepala ka pa kabokosi ka magetsi. Apa m'pamene pali msampha wina: pa OptiPlex 3020, 7020 ndi 9020 Dell inaika cholumikizira chakechake cha mano asanu ndi atatu, ndipo HP nayo ili ndi chake, moti kabokosi wamba ka m'shopu sikalowa popanda kachingwe kosinthira.

Kuti adziwe ng'ombe imene ikutsalira, amisiri anatengera njira yosavuta imene safunikira kugula kanthu. Amayatsa gemu pamodzi ndi pulogalamu yoonetsa manambala pakona ya sikirini, monga MSI Afterburner. Khadi likamagwira ntchito pafupi ndi 100 peresenti, zinthu zili bwino, chifukwa ndalama imene inaligula ikudyedwa yonse. Likamangozungulira pa theka, zithunzi zikudukaduka, ndiye kuti likudikira mnzake. Nambala ya pulosesa payokha imanyenga. Gemu yakale ingatopetse mtima umodzi mwa inayi, chiwerengero chonse n'kumaoneka chochepa ngati kuti pali mpata. Njira yodalirika ndi kutsitsa timadontho ta sikirini mpaka pansi. Zithunzi zikachuluka, lotsalira ndi khadi. Zikakhala momwemo, yotsalira ndi pulosesa, ndipo khadi latsopano silidzasintha kanthu.

Pa kagawidwe ka ndalama, mmisiri wabwino nthawi zambiri amakhumudwitsa kasitomala, amene wabwera maso ali pa khadi. Bokosi la RAM ya 4 GB limafuna RAM choyamba, ndipo timitengo tiwiri tofanana timaposa kamodzi kakakulu, chifukwa pulosesa imatunga m'mitsinje iwiri nthawi imodzi. SSD, chosungira mafayilo chofulumira, siichulukitsa zithunzi pa sekondi, koma imachotsa kudikira ndi kudzidzimuka kwa gemu ikamawerenga dera latsopano. Pulosesa imasinthidwa m'banja lake lokha. Pa soketi ya LGA1155, i3 ingachoke n'kulowa i5-2400 kapena i7-2600, koma i7-3770 ya 2012 siigwira pa OptiPlex 790 kapena 990 ngakhale imakhala bwino pampando, pamene pa 7010 imagwira. Zinthu zotere sizilembedwa pabokosi, ndipo ndizo zimasiyanitsa mmisiri ndi wongomanga zomangira.

Mu 2017, ndipo koposa mu 2021, makhadi anasowa padziko lonse ndipo mitengo inakwera kuposa kawiri. Chifukwa chachikulu chinali anthu otchedwa okumba, amene ankalumikiza makhadi ambirimbiri kuti aziwerengera usana ndi usiku n'kulandira ndalama ya pa intaneti ya Ethereum. Ku Sasare liwu lakuti kukumba lili ndi tanthauzo lakelake. Derali linali m'gawo limene North Charterland Exploration Company, yokhazikitsidwa mu 1895, inkati ndi lake chifukwa cha chilolezo chimene Mzungu wina, Carl Wiese, anapeza kwa mfumu Mpezeni, ndipo mphekesera ya golide ndi imene inakokera Azungu kumeneko. Mgodi wa Sasare unatulutsa golide wokwana makilogalamu pafupifupi 390 m'theka loyamba la zaka za m'ma 1900, kenako unatsekedwa, ngakhale anthu sanasiye kusefa dothi m'deralo. Okumba atsopanowa sanagwire fosholo, koma anasiya zofanana ndi za akale aja: zida zotopa zogulitsidwa motchipa mgodi utatha. Mu Seputembala 2022 Ethereum inasintha kachitidwe kake, makhadi anakhala opanda ntchito m'tsiku limodzi, ndipo anasefukira m'misika ya zakale. Lodziwika kwambiri linali Radeon RX 580 la 2017, lamphamvu kuposa GTX 1050 Ti koma lodya mawati 185 ndi lofuna chingwe chakechake. Ena mwa makhadiwa anabwera ali bwino, ena mafani atatha, ena pulogalamu ya m'kati itasinthidwa kuti ikomere kukumba.

Kusowa kwa makhadi kunabalanso achinyengo. Makhadi akale monga GTS 450 ya 2010 ankalembedwanso m'kati kuti kompyuta iziwatchula GTX 1050 Ti, n'kuvekedwa chivundikiro chatsopano. Pa Windows amaoneka bwino, koma gemu ikafuna memore yoposa imene ilipodi amagwa. Chizindikiro chimodzi n'chakuti ambiri ali ndi potulukira pa VGA pa buluu, pamene 1050 Ti yeniyeni siitulutsa chithunzi cha mtundu umenewo. Pulogalamu ya GPU-Z inafika poika chenjezo pa makhadi otere.

Mabuku a kunja amalankhula za antchito awiri, koma Kum'mawa kwa Zambia alipo wachitatu amene amalamula onse, ndiye magetsi. Gawo lalikulu la magetsi a ZESCO limachokera m'madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue, ndipo mvula ikavuta magetsi amavutanso. Mu 2015 ankazima maola asanu ndi atatu pa tsiku, mu 2019 kuposa pamenepo, ndipo mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza chilala kukhala tsoka la dziko kumapeto kwa Febuluwale, m'madera ena ankazima maola opitirira 20. Kumidzi yopanda mawaya nkhani ndi ya sola ndi batire. Batire la mavoti 12 ndi 100 Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma la asidi lifunika kutsitsidwa theka lokha kuti likhalitse. Bokosi la i5 ndi 750 Ti pamodzi ndi sikirini limatha thekalo m'maola atatu, pamene la RX 580 limalitha m'maola awiri kapena kuchepera. Mwini shopu amene amalipiritsa pa gemu amawerengera zimenezi asanayang'ane kukongola kwa zithunzi. Magetsi akabwerera modzidzimutsa, kapena jenereta ikamakwera ndi kutsika, choyamba kupsa ndi kabokosi ka magetsi, ndipo kotchipa kolembedwa mawati abodza kamapita ndi khadi ndi bolodi lomwe. Pa chifukwa chimenechi achinyamata ambiri anasamukira ku laputopu, imene ili ndi batire lake ngakhale khadi lake silisinthika, ndi ku foni, kumene PUBG Mobile, Free Fire ndi mpira zimaseweredwa popanda kutsegula bokosi lililonse.

M'badwo wa Sandy Bridge tsopano wafika pamalire amene khadi silingaukankhe. Magemu ena atsopano amafuna malangizo a AVX2, amene anayamba ndi mapulosesa a Haswell mu 2013, ndipo pa pulosesa yopanda malangizowo gemu imakana ngakhale kuyaka. Mitima inayi nayo yayamba kuchepa. Windows 10 inasiya kusamalidwa pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi pulosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, lamulo limene laponya m'misika ya zakale makina ochuluka a m'badwo wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri, monga a i5-6500 ndi i7-7700. Kumbali ya AMD, soketi ya AM4, imene inalandira Ryzen yoyamba mu 2017, inakhala nthawi yaitali moti mabolodi ambiri a chaka chimenecho, pulogalamu yawo ya m'kati ya BIOS ikasinthidwa, amalandira Ryzen 5 5600 kapena Ryzen 7 5800X3D ya 2022. Pa bolodi lotere mmisiri amasintha pulosesa osakhudza RAM kapena bokosi, ndipo khadi limene kale linkadikira pa theka la mphamvu zake limayamba kugwira ntchito yonse.